Tsekani Mpata wa pa Linga

Mawu otsogolera: Nehemiya 3 ndi 4

 Kaya muli pamoto mukuphika phala, kaya muli mu minibasi, kaya wailesiyo mwaikoleka pa mtengo uku mukupalira, Mulungu akudalitseni. Aleluya! Amayi amene muli ndi mwana kumsana musatseke wailesi, chifukwa uthenga wa lero ndi wa mwanayo. Inunso abambo musati izi ndi za azimayi n'kutuluka panja. Khalani pansi, mbali yanu ikubwera.

Mukapeza nthawi muwerenge chaputala 3 ndi 4 cha buku la Nehemiya. Ambiri chaputala 3 timachidumpha chifukwa changodzaza ndi mayina, koma muli chuma m'menemo. Yerusalemu anali ndi linga logumuka, zipata zake zitapsa ndi moto. Anthu analimo mumzinda, kachisi analipo, nsembe zinkaperekedwa, koma usiku ukafika aliyense ankagona khutu lili kunja chifukwa mdani akanatha kulowera pena paliponse. Ndiye Nehemiya anagawa ntchito. Ansembe anatenga gawo lawo, osula golide gawo lawo, opanga zonunkhira nawonso, ndipo munthu wina dzina lake Salumu anagwira ntchitoyo pamodzi ndi ana ake aakazi. Ambiri anapatsidwa chigawo choyang'anana ndi khomo lawo lomwe. Koma pa vesi 5 mupeza kuti akuluakulu a ku Tekowa anakana kugwira nawo. Mayina a omanga analembedwa, kukana kwa okanawo kunalembedwanso.

Tsopano tamverani. Linga silili ngati munda woti wako ukalephera njala n'kukhala yako wekha. Anthu 40 atamanga bwino zigawo zawo, mmodzi n'kusiya pake pali pululu, mdani salowa kuti akagwire mwini mpata yekhayo. Akalowa walowa mumzinda wonse. Wina anene Amen.

Lero ndikufuna ndikambe za mdani amene ambiri timati anatha kalekale. Dzina lake ndi chikuku.

Agogo amene mukundimva, inu mukuchidziwa chikuku. Munaona chikulowa m'mudzi n'kumayenda nyumba ndi nyumba. Koma makolo a masiku ano ambiri sanachionepo ndi maso, ndipo chimene munthu sanachione sachiopa. N'chifukwa chake ndikufuna ndikuuzeni mmene nthendayi imayendera, musadzati abusa sanatiuze. Kachilombo ka chikuku kamayenda mu mpweya. Mwana wodwala akatsokomola kapena kuyetsemula m'chipinda, kachilomboko kamatha kukhalabe mu mpweya wa m'chipindamo mpaka maola awiri iye atatuluka. Taganizani za tchalitchi chathu. Mwana wodwala wabwera ku mapemphero oyamba, wapita kwawo. Inu mwabwera ku mapemphero achiwiri ndi khanda lanu, simunakumane naye, simunamugwire chanza, koma khanda lanu lapuma mpweya womwewo. Pa anthu 10 opanda chitetezo amene akhala pafupi ndi wodwala, 9 amatenga. Ndi nthenda zochepa kwambiri padziko zimene zimafala msanga chotere.

Choopsa china n'chakuti mwana amayamba kupatsira anzake masiku anayi totupa tisanatuluke pakhungu. Nthawi imeneyo mayi akuti ndi chimfine chabe. Thupi latentha, mamina akutuluka, akutsokomola, maso afiira ndipo akulengeza misozi. Mukamuyasamitsa mwina muona timadontho toyera mkati mwa masaya. Kenako totupa tija timayambira kumaso ndi kuseri kwa makutu n'kumatsika mpaka thupi lonse. Pofika pamenepo mwana uja wasewera kale ndi anzake, wapita kale ku Sande sukulu, wagona kale pa mphasa imodzi ndi ang'ono ake.

Si totupa timene timapha mwana ayi. Chimapha ndi chibayo chimene chimabwera pambuyo, ndi kutsegula m'mimba kumene kumam'maliza madzi m'thupi, ndi kutupa kwa ubongo. Ana ena amapulumuka koma maso atapita, ena makutu atagontha, makamaka mwana amene anali wonyentchera kale kapena woperewera vitamini A. Madokotala anapezanso kuti chikuku chimafufuta chitetezo chimene thupi linali litasunga cholimbana ndi matenda ena, moti mwana wachira chikuku koma miyezi yotsatira akungodwaladwala. Ife tikaona choncho timathamangira kunena kuti pali dzanja la munthu, azakhali ake amulodza. Abale, nthawi zina azakhali timangowanamizira. Ndi chikuku chija chinasiya chitagumula mpanda wa m'thupi.

Ena mukukumbuka chaka cha 2010. M'dziko lathu lino la Malawi anthu oposa 130,000 anadwala chikuku chaka chimenecho, ndipo oposa 300 anamwalira, ambiri mwa iwo ana. Ife abusa tinaima pa manda. Adzukulu akamakumba dzenje laling'ono sachedwa, ndipo kabokosi kake munthu mmodzi amatha kukanyamula yekha m'manja. Palibe ulaliki wovuta ngati wa pa maliro otere. Ndipo ndinene poyera, ngakhale zikuwawa: ena mwa ana amene anafa chaka chimenecho anali a makolo opemphera, amene anauzidwa kumpingo kwawo kuti katemera ndi kusakhulupirira. A zaumoyo akamafika m'mudzi, ana ankabisidwa.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anansi athu a ku Zimbabwe zinawaonekera mu 2022. Mliri unayambira m'boma la Mutasa ku Manicaland mwezi wa Epulo, ndipo pofika Seputembala ana oposa 700 anali atamwalira. Ambiri anali osabayidwa, ndipo nthendayo inafalikira kwambiri kudzera m'misonkhano ikuluikulu ya mipingo imene imaletsa mankhwala. Anthu anapita kukafuna nkhope ya Mulungu, anabwerera kwawo atanyamula chikuku. Mukundimva kodi?

Musaganize kuti ndi vuto la ife osauka okha. Dziko la America linalengeza mu 2000 kuti lathetsa kufala kwa chikuku. Koma mu 2025 ku Texas mliri unabuka pakati pa anthu amene ambiri sabayitsa ana awo, anthu mazanamazana anadwala, ndipo ana awiri osabayidwa anamwalira, m'dziko la zipatala zapamwamba. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2023 anthu pafupifupi 10.3 miliyoni anadwala chikuku padziko lonse, ndipo oposa 100,000 anafa, ambiri osakwana zaka zisanu. Chaka chomwecho ana 83 pa 100 alionse ndi amene analandira katemera woyamba, ndipo wachiwiri analandira 74 okha. Koma kuti chikuku chisapeze njira pamafunika kuti 95 pa 100 alionse alandire onse awiri. Mukuuona mpata wa pa linga? Kuchoka pa 74 kukafika pa 95, pamenepo ndi pamene mdani akulowera.

Mwina wina akuti, nanga abusa, ngati wanga ndamubayitsa, za mwana wa mnzanga zikundikhudza bwanji? Zikukukhudzani chifukwa pali ena mumzinda amene sangathe kumanga okha. Kuno kwathu katemera woyamba wa chikuku amaperekedwa mwana akakwana miyezi 9. Nanga khanda la miyezi isanu? Limenelo likudalira linga la anzake. Mwana amene chitetezo chake chatsika kwambiri ndi matenda ena akudalira linga la anzake. Mayi woyembekezera amene sanalandirepo katemera, chikuku chikamugwira chimatha kuwononga pakati. Anthu amenewa amakhala pakati pathu pa benchi Lamulungu lililonse. Inu mukasiya mpata wanu, ndi iwo amene amayamba kugwidwa.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. Mlongo wina ananditumizira uthenga, anati: "Abusa, ine ndimakhulupirira kuti Yesu ndi mchiritsi. Ndikapita ndi mwana kukabayitsa, kodi sindikumuuza Mulungu kuti mwazi wa Yesu sukukwanira?" Mlongo wanga, funso lanu ndalilemekeza, chifukwa likuchokera mu mtima woopa Mulungu. Inenso ndimakhulupirira machiritso. Ndimasanjika manja pa odwala, ndimadzoza mafuta, ndipo sindidzasiya. Koma bwererani kwa Nehemiya, chaputala 4 vesi 9. Sanibalati ndi Tobiya atapangana zodzawathira nkhondo, anthu a Mulungu anachita zinthu ziwiri. Anagwada n'kupemphera. Atadzuka anaika alonda, usana ndi usiku womwe. Palibe mneneri amene anaimirira kudzudzula Nehemiya kuti alondawo akunyozetsa pemphero. Omanga ankagwira ntchito chida chili m'chiuno, ndipo lingalo linatha m'masiku 52. Haleluya!

Mfumu Hezekiya itadwala chithupsa mpaka kutsala pang'ono kufa, Mulungu anamva kulira kwake n'kumuonjezera zaka 15. Koma Yesaya yemweyo amene anabweretsa mawu a machiritso analamulanso kuti atenge nkhuyu aziike pa chithupsacho. Mawu a Mulungu ndi mankhwala zinalowa m'chipinda chimodzi osakangana. Yosefe atachenjezedwa kuti Herode akufuna moyo wa mwana, sananene kuti uyu ndi Mwana wa Mulungu, angelo amuteteza tili pompano. Anadzuka usiku womwewo, anatenga mwana ndi amake, ulendo wa ku Igupto. Ndipo amene anauza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa kachisi poti angelo amuwakha, anali ndani? Anali Satana. Anagwiritsa ntchito ngakhale vesi. Yesu anakana, chifukwa kumeneko ndi kumuyesa Mulungu. Munthu amene waona katemera waulere ali pa sikelo, waona mliri ukubwera, n'kunena kuti mwana wanga asabayidwe kuti Mulungu aonetse mphamvu, munthu ameneyo waima pamwamba pa kachisi. Choipa kwambiri n'chakuti amene akumuponya pansi si iye mwini, ndi mwana amene sanafunsidwe.

Pali inanso imene imayenda pa WhatsApp, yakuti katemera ndi 666. Abale anga, werengani Chivumbulutso 13 modekha. Chizindikiro cha chilombo chikukhudza kupembedza, munthu wamkulu kusankha kugwadira chilombo m'malo mwa Mulungu. Khanda la miyezi 9 lapembedza ndani? Katemera wa chikuku anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1963. Ambiri a inu amene mukundimva munabayidwa muli ana, ndipo lero mukulankhula malilime, Mzimu Woyera sanakukaneni. Ena akuti amaumitsa, mwana wamkazi sadzabereka. Tayang'anani amayi amene anabayidwa zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Si omwewa adzaza m'matchalitchi mwathu ndi ana anayi, asanu? Uthenga ukabwera pa foni wopanda dzina, wongoti tumizani kwa anthu khumi, muziyamba mwaufunsa kuti wachokera kwa yani.

Sindikunena kuti mantha onse ndi opanda pake. Ndikuuzeni za dziko laling'ono la pa zilumba lotchedwa Samoa, la anthu pafupifupi 200,000, dziko la anthu opemphera kwambiri. Mu Julaye 2018 makanda awiri anamwalira atangobayidwa katemera. Makolo anachita mantha, ndipo ndani sakanachita? Kafukufuku atachitika zinapezeka kuti vuto silinali katemera. Anamwino awiri anasungunula katemerayo ndi mankhwala ena olakwika m'malo mwa madzi ake, ndipo anamangidwa. Koma mantha anali atalowa kale, makolo ambiri anasiya kubayitsa. Chakumapeto kwa 2019 chikuku chinafika. Anthu oposa 5,000 anadwala, 83 anamwalira, ambiri ana aang'ono osakwana zaka zisanu. Zinafika poti boma linatseka ntchito masiku awiri mu Disembala, n'kupempha kuti nyumba iliyonse imene muli munthu wosabayidwa ipachike nsalu yofiira panja kuti a zaumoyo aime pamenepo. Nditamva zimenezi ndinakumbuka chingwe chofiira cha Rahabe pa zenera. Tsiku limenelo panalibe wochita manyazi kupachika nsalu. Koma ambiri mwa anthu 83 aja, nsaluyo inawapeza atapita kale.

N'zoona, mwana akabayidwa amatha kulira, pamalo pobayapo pamatha kutupa pang'ono, ndipo patapita sabata kapena kuposerapo ena amatentha thupi pang'ono kapena kutuluka totupa tochepa timene timatha tokha. Limenelo ndi thupi likuphunzira nkhondo. Zikakudetsani nkhawa bwererani naye kuchipatala akamuone. Koma musayerekeze usiku umodzi wosagona ndi khungu la moyo wonse.

Ndikudziwanso kuti ambiri a inu simunakane katemera. Munangotopa. Sikelo ili kutali, kabaza akufuna ndalama, ndi nthawi ya dzinja mtsinje wadzaza, ganyu akudikira. Covid-19 inasokoneza masikelo, kolera inabwera, namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola milatho ndi misewu kum'mwera kuno, mabuku a kuchipatala ambiri anapita ndi madzi. Mayi wina anandiuza kuti anayenda mtunda wautali ndi mwana, atafika anamuuza kuti abwere tsiku lina poti ana obayidwa achepa. Zimachitika chifukwa botolo la katemerayu likatsegulidwa n'kusungunulidwa liyenera kutha pasanathe maola 6, likatsala limatayidwa. Kwa inu a zaumoyo amene mukundimva, ndikukupemphani mwaulemu, mayi amene wabwezedwa kamodzi kawirikawiri sabweranso. Ndipo inu amayi, mukabwezedwa funsani tsiku lenileni, muuzane ndi anzanu a m'mudzi mupite pamodzi. Buku likatayika musaope kukalipiridwa. Pitani mukafotokoze, akupatsani njira.

Koma mpata waukulu kwambiri uli pa katemera wachiwiri. Mvetserani bwino apa. Woyamba ndi pa miyezi 9. Wachiwiri ndi pa miyezi 15, ndiye kuti chaka ndi miyezi itatu. Woyamba uja ambiri timakwanitsa chifukwa mwana akadali kumsana, tikupitabe ku sikelo. Akangoyamba kuyenda timati wakula, mwina mayi ali kale ndi pakati pena, buku lija laikidwa pansi pa sutikesi. Koma pa ana obayidwa kamodzi pa miyezi 9, ena thupi lawo siligwira, pafupifupi 15 pa 100 alionse. Wachiwiri uja ndi amene amatseka mpata umenewo. Mwana wolandira onse awiri ndi wotetezedwa pafupifupi kotheratu. Ngati wanu wapitirira msinkhu umenewu, kaya ali ndi zaka ziwiri, kaya zitatu, sikunade. Pitani naye. Ndipo boma likalengeza kampeni ya katemera m'masukulu ndi m'midzi, musati wanga anabayidwa kale. Kubayidwanso sikumupweteka.

Abambo, ndinati mbali yanu ikubwera. Yafika. M'nyumba zambiri mayi amafuna kupita ku sikelo koma bambo ndi amene amati m'nyumba mwanga muno za jakisoni ayi. Ena simuletsa, koma simudziwa n'komwe kuti buku la mwana wanu ndi la mtundu wanji. Mumadziwa tsiku limene timu yanu ikusewera, koma tsiku la sikelo simulidziwa. Inu mumakonda kutikumbutsa kuti ndinu mutu wa banja. Chabwino. Nehemiya anaimika anthu m'malo otsika a linga monga mwa mabanja awo, n'kuwauza kuti amenyere nkhondo ana awo ndi akazi awo. Umutu ndi umenewo. Tulutsani njinga, mukweze mayi ndi mwana. Ngati mayi wadwala, berekani mwanayo nokha mupite, palibe amene adzakulandeni ubambo pa mzere wa sikelo. Inunso agogo ndi apongozi, mawu anu ndi olemera pakhomo. Mtengwa akamati ndikupita kukabayitsa, muzimuthandiza kusunga ana enawo.

Ndilankhulenso ndi atumiki anzanga, abusa, aneneri, atumwi, akulu a mpingo. Anthu awa amatimvera kuposa mmene amamvera nduna. Tikanena kuti salani kudya masiku atatu amasala. Tikanena kuti bwerani ku mapemphero a usiku wonse amabwera ndi ana kumsana. Mphamvu imeneyi tidzayankha nayo mlandu. Mu Levitiko 13, munthu akatuluka nthenda ya pakhungu ankapita kwa wansembe, ndipo wansembe ankamuyang'ana n'kumupatula masiku 7 kuti aone mmene ziyendere. Ntchito yoteteza msasa ku nthenda Mulungu anaipereka kwa atumiki a pa guwa. Ndiye ife lero tikhale oyamba kutsegula mpata? Mlangizi wa zaumoyo akapempha mphindi zisanu pa nthawi ya zolengeza, mupatseni. Akasowa malo ochitira sikelo, khonde la tchalitchi lilipo, likungokhala kuyambira Lolemba mpaka Loweruka.

Ndipo mwana akatentha thupi, maso afiira, totupa tayamba, chonde musabwere naye kutchalitchi kuti tidzamupempherere pakati pa gulu. Musapite naye ku chitsitsimutso. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukafika uzani a pakhomo kuti mukuganizira chikuku kuti asakukhazikeni pa benchi limodzi ndi makanda. Kumeneko akamupatsa vitamini A amene amateteza maso ndi kuchepetsa ngozi ya imfa, ndipo akaona ngati chibayo chayamba. Muzimumwetsa madzi pafupipafupi, woyamwa apitirize kuyamwa. M'maso mwake musathiremo chilichonse, kaya ndi masamba ofinya, kaya ndi mafuta odzozera amene ine ndemwe ndinawapempherera. Musamutsekere m'nyumba kudikira kuti chikuku chituluke chokha, akayamba kupuma mothamanga kapena kukana kuyamwa ndiye kuti nthawi yatha kale. Pemphero lisakudetseni nkhawa. Yakobo 5 akuti wodwala ndiye aitane akulu a mpingo. Tiimbireni foni, tipemphera nanu pomwepo muli pa njira.

Tsopano ndikufuna muchite chinthu chimodzi wailesi isanatsekedwe. Tumani mwana akatenge buku la kusikelo. Ngati muli kumunda kapena pa ulendo, mukachite madzulo ano. Tsegulani pa tsamba la katemera, mufufuze pamene palembedwa za chikuku, muone ngati pali masiku awiri olembedwa. Ngati kuwerenga kumavuta, pitani nalo kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena kwa mnzanu wa kumpingo akuonereni. Muonenso la mwana wamasiye amene mukusunga, chifukwa ameneyo ndi amene amaiwalika. Mwalitenga? Ikani dzanja lanu pa bukulo, dzanja linalo pa mutu wa mwana, tipemphere.

Atate wathu wakumwamba, Mulungu wopatsa ana, tikukuthokozani chifukwa cha aliyense amene dzina lake lalembedwa pa mabuku awa. Tikuwaphimba ndi mwazi wa Yesu. Tikukana mzimu wa mantha, tikukana bodza lililonse lolowa m'nyumba zathu kudzera pa foni ndi pa milomo ya anthu. Patsani mphamvu mayi amene sikelo ili kutali, fewetsani mtima wa bambo amene wakhala akuletsa. Kumbukirani anamwino ndi alangizi a zaumoyo amene amapalasa njinga ndi mabokosi a katemera m'matope, muwapatse chipiriro ndi manja osamala. Gwirani mwana amene wagona m'chipatala m'mawa uno akupuma movutikira, muchiritseni Ambuye. Tonthozani makolo amene anaika kale ana awo m'manda. M'dzina la Yesu Khristu tapemphera. Amen.

Sabata ya mawa nthawi ngati yomwe ino, Ambuye akalola, tidzalowa mu chaputala 5 cha Nehemiya, pamene anthu anapinyolitsa minda ndi ana awo chifukwa cha ngongole. Amene muli ndi katapira pakhosi, musadzaphonye.